Bwato Layamba Kulowa Madzi

M'mwezi wa June chaka cha 2019, nthawi ya mwera, amayi adandiimbira foni usiku titangotuluka mu mzikiti pa swala ya Isha. Ine ndidali ku Mangochi kumene ndimaphunzitsa madrasa, iwo ali kumudzi kwathu ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja. Titapatsana salamu ndi kufunsana za ana, adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Mwana wanga, bwato lija layamba kulowa madzi. Tikukapa, koma madzi akutiposa mphamvu. Mwini wake sakufuna kuti ndikuuze."

Bwatolo ndidali kulidziwa bwino. Lidali bwato la abambo, lakalekale, lodzaza ndi zigamba za malata ndi phula, ndipo ndilo lidandilipirira sukulu. Ndidayankha msangamsanga kuti, "Musadandaule amayi, mawa nditumiza kangachepe." Kutacha ndidatumizadi ndalama pafoni zoti agulire phula ndi misomali, mtima wanga uli mbee poganiza kuti ndachita zoyenera mwana wabwino. Amayi adangoti, "Zikomo, bambo."

Padapita masabata awiri. Kenaka adaimba ndi mlongo wanga, ndipo iyeyu sadapite m'mbali ayi. Adati, "Achimwene, kodi mukudikira kuti tidzakuitanireni janaza? Abambo sakudya, sakudzuka." Ndidakwera galimoto tsiku lomwelo kudzera ku Golomoti ndi ku Salima. Nditafika, chinthu choyamba kuchiona chidali bwato lija, lili chovundikira patsinde pa mango, louma gwa. Lidali litatha miyezi itatu osakhudza madzi. Abambo adali gone pamphasa m'nyumba, ataonda kwambiri. Ndidakhala nawo masiku anayi. Tsiku lachisanu adatisiya. Allah awakhululukire ndi kuwachitira chisoni.

Imfa ndi ya Mwini moyo, ndipo kufika kwanga msanga sikukadawonjezera ngakhale ola limodzi pa masiku awo. Chimene chidandiwawa ndi masabata awiri aja, amene ndikadakhala ndikuwatembenuza pamphasa ndi kumva mawu awo. Chidandichititsanso manyazi ndi ichi: ku koleji ya Chisilamu kumene ndidaphunzira zaka zinayi, phunziro limene ndinkakhoza koposa lidali balagha, phunziro la luso la kayankhulidwe m'Chiarabu. Ndinkatha kunena pamtima tanthauzo la isti'ara ndi mitundu yake yonse. Koma isti'ara itandipeza m'chinenero cha amayi anga, ndidaigulira phula.

Patatha chaka ndidapita kumudzi kukacheza. Tsiku lina madzulo mwana wa mlongo wanga, amene panthawiyo adali mu Fomu 3, adabwera ndi kope lake la Chichewa. Adati, "Amalume, inu mudaphunzira kwambiri, tandithandizani zipangizo za ndakatulo. Ndikungoloweza koma sizikukhala m'mutu." Nditatsegula kopelo ndidapeza mayina awa: chifanifani, chining'a, umunthu, chibwereza, mvekero, funso la chodziwadziwa. Ndidaona kuti ambiri mwa iwo ndi abale ake a mayina aja ndidawavutikira ku koleji. Tidakhala pamwamba pa bwato lomwe lija, ndipo zimene tidakambirana ndi zimene ndikufuna kugawana nanu, abale ndi alongo, pakuti m'nyumba zambiri muli mwana amene akulimbana nazo kusukulu kapena kumadrasa.

Tidayamba ndi chifanifani, chimene Aarabu amati tashbih. Uku ndi kufanizira chinthu china ndi chinzake pogwiritsa ntchito mawu oti "ngati" kapena "monga". Akatswiri a balagha amati chifanifani chili ndi mizati inayi: chofaniziridwa, chimene tikufanizira nacho, mawu ofanizira, ndiponso khalidwe limene ziwirizo zikufanana. Tikati, "Mnyamata uyu ndi woterera ngati mlamba," mnyamata ndiye chofaniziridwa, mlamba ndiwo tikufanizira nawo, "ngati" ndiwo mawu ofanizira, ndipo kuterera ndilo khalidwelo. Tsopano tiyambe kuchotsa mizati. Tikachotsa "ngati" ndi "woterera", timatsala ndi mawu oti, "Mnyamata uyu ndi mlamba." Mawu achepa koma mphamvu yakula, chifukwa womvera ayenera kudzipezera yekha kufananako. Tikachotsanso mnyamatayo n'kungoti, "Mlamba uja watipulumukanso," apo tafika pa isti'ara. Liwu limeneli tanthauzo lake ndi kubwereka: tabwereka dzina la nsomba n'kumuveka munthu. Pa Chichewa mawu obisa tanthauzo chotere timawaika m'gulu la zining'a. Amayi adabwereka dzina la bwato n'kuwaveka abambo.

Mwanayo adafunsa funso lanzeru. Adati, "Nanga munthu angadziwe bwanji kuti akunena mlamba weniweni kapena munthu?" Ndidamuuza kuti m'mabuku athu muli liwu loti qarina, kutanthauza chizindikiro chimene chimamuletsa womvera kutenga mawu monga momwe alili. Ngati mawu oti "mlamba watipulumuka" anenedwa pabwalo la milandu, bwalolo ndilo qarina, pakuti pabwalo sawedzapo nsomba. Ndikuyankhula choncho, mtima udandigunda, chifukwa ndidayamba kuwerenga zizindikiro zimene amayi adandipatsa usiku uja. Adaimba usiku, pamene chizolowezi chawo ndi kuimba m'mawa. Adayankhula za bwato, pamene nkhani za bwato ndi maukonde zidali za abambo okha. Adati "tikukapa", pamene iwo sadakwerepo bwatolo. Ndipo adati mwini wake sakufuna kuti ndidziwe. Zizindikiro zinayi, ine osagwirapo ngakhale chimodzi.

Chimene chimanditonthoza pang'ono n'chakuti zoterezi zidawachitikirapo anthu olemekezeka kuposa ine. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya Swahaba Adi ibn Hatim. Ndime ya 187 ya Surat al-Baqarah, pofotokoza nthawi yoleka kudya kwa munthu wosala, imatchula ulusi woyera ndi ulusi wakuda. Adi adatenga zingwe ziwiri, choyera ndi chakuda, n'kuziika pansi pa mtsamiro wake, namaziyang'ana usiku kuti aone nthawi imene zidzasiyane. Kutacha adakafotokozera Mtumiki (S.A.W.), ndipo adamuuza kuti chimene chikunenedwa ndi kuyera kwa m'bandakucha ndi mdima wa usiku. Adi adali Mwarabu weniweni, Chiarabu adachiyamwa kwa mayi ake, komabe fanizo lidamudutsa. Izi zikutiphunzitsa kuti kudziwa chinenero n'kwina, kumva chimene mawu anyamula n'kwinanso.

Tidapita pa kinaya, kumene ndi kuzimbaitsa. Apa sutchula chinthucho, koma umatchula china chimene chimayenda nacho. Aarabu akafuna kunena kuti munthu ndi wopatsa ankati ndi wa phulusa lambiri. Njira yake ndi iyi: phulusa lambiri ndi nkhuni zambiri, nkhuni zambiri ndi kuphika kwambiri, kuphika kwambiri ndi alendo ambiri. Ife timati "ndi wouma manja" ponena womana, "watha msinkhu" ponena mwana amene wakula, "ndi woyembekezera" ponena mayi wapakati, ndipo pa maliro timati "atisiya". Kusiyana kwake ndi isti'ara n'kwakuti pa kinaya mawu enieniwo angathe kukhalanso oona. Pakhomo pa munthu wopatsa phulusa limakhaladi lambiri, pamene mnyamata uja sangasanduke mlamba.

Pa kinaya m'pofunika kusamala, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi kazimbaitsidwe kake. Mayi wathu Aisha (R.A.) adasimba kuti Mtumiki (S.A.W.) adauza akazi ake kuti woyamba kumutsatira pambuyo pa imfa yake adzakhala wa dzanja lalitali. Iwo adayamba kuyezana mikono. Koma woyamba kumwalira adali Zainab bint Jahsh, m'chaka cha 20 cha Hijra, chimene ndi 641, ndipo apo m'pamene adazindikira kuti kutalika kwa dzanja kunkatanthauza kupereka sadaka, pakuti Zainab ankagwira ntchito ndi manja ake n'kumagawira osauka. Tsono taganizani mwalimu amene angotembenuza mawu amenewa liwu ndi liwu pamaso pa ana a kuno kwathu, kumene munthu akamutchula kuti ngwa dzanja lalitali aliyense amayamba wagwira thumba lake. Mawu otamanda asanduka chipongwe. N'chifukwa chake womasulira ayenera kudziwa zining'a za mbali zonse ziwiri.

Umunthu sudativute, chifukwa anthu a kunyanja timauyankhula tsiku ndi tsiku. Uku ndi kupatsa chinthu chosakhala munthu makhalidwe a munthu. Timati nyanja yakwiya, nyanja yagona, mwera wakana, njala yalowa m'mudzi. Palibe msodzi amene amakhulupirira kuti nyanja ili ndi mtima wopsa nawo, koma akati "yakwiya" aliyense amadziwa kuti lero bwato lisachoke padooko. Chimodzimodzi kukokomeza, kumene pa Chiarabu amati mubalagha. Msodzi akati, "Usipa wa dzulo udachita kudetsa nyanja yonse," kapena mayi akati, "Ndakuitana ka chikwi," sadaname. Bodza limafuna kuti womvera akhulupirire chimene kulibe, pamene kukokomeza onse awiri amadziwa kuti ndi kakometsedwe ka nkhani. Koma wogulitsa nsomba akamakokomeza kulemera kwa dengu pamaso pa wogula, limenelo si luso la ndakatulo ayi, ndi chinyengo.

Funso la chodziwadziwa ndi funso losafuna yankho. Mayi akaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Kodi mbalezi zimadzitsuka zokha?" mwana wanzeru sayankha, amangonyamuka. Funso la mlongo wanga lija la janaza lidali lotero. Mu balagha timaphunzira kuti funso lingathe kukhala lodzudzula, lotsimikiza, lodabwa kapena lolamula, ndipo mwana amene wazindikira zimenezi amamva bwino ndime zambiri za Qur'an zimene zidabwera ngati mafunso.

Chibwereza, kapena takrar, ndi kubwereza liwu kapena mzere mwadala. Ana onse a madrasa amadziwa kuti mu Surat ar-Rahman, imene ili ndi ndime 78, muli ndime imodzi yobwerezedwa ka 31. Kubwereza kotere si kusowa mawu. Nthawi iliyonse imene ndimeyo yabwerera imabwera pambuyo pa nkhani yatsopano, motero imalemera mwatsopano. Asodzi pokoka khoka amachitanso chibwereza: mmodzi amatsogolera, ena amavomera mawu omwewo, ndipo manja onse amakoka pamodzi.

Pali zipangizo zina zimene zimasewera ndi kamvekedwe ka mawu. Jinas ndi kuika pamodzi mawu ofanana m'kamvekedwe koma osiyana tanthauzo. Abambo ankakonda kuuza anthu odandaula za kudula kwa mabwato kuti, "Mtengo wa bwato ufunseni kwa mtengo." Ankatanthauza kuti ndalama zake zimatsata mtundu wa mtengo umene bwatolo lasemedwa. Sadapite kusukulu, koma imeneyo idali jinas yeniyeni. Tibaq ndi kuika pamodzi mawu otsutsana, monga usiku ndi usana, kuseka ndi kulira, kuti lina liwalitse linzake. Saj' ndi kutsiriza ziganizo ndi maliwu ofanana m'nkhani imene si ndakatulo, monga amachitira ma Sheikh ena poyamba khutba. Zitatuzi zili m'nthambi ya balagha yotchedwa badi', dzina limene lidatchuka ndi buku la Kitab al-Badi' limene Ibn al-Mu'tazz adalemba m'chaka cha 887. Nthambi zina ziwiri ndi ma'ani, yoona za kasanjidwe ka ziganizo, ndi bayan, m'mene muli tashbih, isti'ara ndi kinaya. Amene adazamitsa kwambiri nthambi ziwirizi ndi Abd al-Qahir al-Jurjani, yemwe adamwalira m'chaka cha 1078, m'mabuku ake a Dala'il al-I'jaz ndi Asrar al-Balagha.

Mwanayo adaseka nditamuuza mayina a zigawo za ndakatulo ya Chiarabu. Mzere umodzi amautcha bayt, kutanthauza nyumba, ndipo tizigawo take amatitcha sabab ndi watad, chingwe ndi chikhomo, monga zomangira tenti ya m'chipululu. Kayendedwe ka maliwu aatali ndi aafupi m'ndakatulo amakatcha bahr, ndipo bahr ndi nyanja. Al-Khalil ibn Ahmad wa ku Basra, amene adakhala m'zaka za m'ma 700, adasanthula ndakatulo za Aarabu napeza nyanja 15 zoterezi, ndipo katswiri wina, al-Akhfash, adawonjezera ya 16. Qasida imayenda pa nyanja imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mizere yake yonse imathera pa liwu limodzi, lotchedwa qafiya. Mwanayo adati, "Ndiye kuti alakatuli awo ndi asodzi anzathu."

Koma si zonse za Chiarabu zimene zimakhala bwino m'Chichewa, ndipo si zonse zathu zimene zili m'mabuku awo. Mawu a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, kotero kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta, ndipo mlakatuli wokakamira zimenezo amafika popotoza nkhani yake kuti mathero agwirizane. Kukoma kwathu kuli kumayambiriro kwa mawu. Tamverani: "Chimphepo chachikulu chachotsa chisakasa chathu." Palibe amene wakonza zimenezi, ndi malamulo a chinenero chathu amene amachititsa kuti mawu otsatana agwirizane motero. Tilinso ndi mvekero, mawu amene amajambula phokoso, mtundu kapena kachitikidwe ka chinthu. Mwala wagwa m'madzi kuti chubwi, kunja kwada bii, magazi ali psuu, m'mudzi muli zii, nyali za asodzi zili waliwali. M'mabuku a balagha amene tidawerenga ku koleji mudalibe mutu wa mvekero. Ichi ndi chuma cha makolo athu, ndipo agogo osadziwa kulemba amachigwiritsa ntchito bwino kuposa ife ophunzira.

Usiku umenewo ndidalimba mtima n'kufunsa amayi funso limene ndidalisunga chaka chathunthu. Ndidati, "Amayi, bwanji simudangondiuza kuti abambo akudwala?" Iwo adali kusankha mpunga m'lichero, ndipo sadadzutse mutu. Adati, "Abambo ako adandiletsa. Adati mwana ali ndi ana a eni ake oti awaphunzitse, usamuuze kuti ndikudwala. Ndiye sindidakuuze kuti akudwala. Ndidakuuza za bwato." Adakhala chete, kenaka adawonjezera kuti, "Komanso adali gone pambali panga, akumva. Ndikadatchula bwanji matenda awo pamaso pawo ngati ndikuwawerengera masiku?"

Apo m'pamene ndidamvetsa chifukwa chake anthu amazimbaitsa. Kumadrasa ndinkaphunzitsa ngati kuti zipangizozi ndi zokometsera chabe, ngati maluwa a pa nsalu. Amayi adali pakati pa zinthu zitatu: lonjezo kwa mwamuna wawo, ulemu kwa wodwala, ndi udindo wodziwitsa mwana. Mawu olunjika akadaphwanya ziwiri zoyambazo. Kukhala chete kukadaphwanya chachitatu. Chining'a chokha ndicho chidatha kusenza zonse zitatu. Iwo adachita mbali yawo mokwanira. Amene adalephera ndi womvera, ndipo adalephera chifukwa ankamvera mothamanga, maganizo ali pa mayeso a ana ndi pa ndalama zimene angathe kutumiza.

Sindikunena kuti tizizimbaitsa paliponse. Tanthauzo loyamba la balagha limene tidaloweza ndi lakuti mawu agwirizane ndi zimene malo ndi nthawi zikufuna. Mlongo wanga ataona kuti chining'a sichidagwire ntchito, adayankhula mosabisa, ndipo imeneyonso idali balagha. Pamaso pa dokotala, pa nkhani ya ngongole, pa kugawa chuma cha masiye ndi pa ukwati, tchulani chinthu ndi dzina lake. Ndipo ngati mwazimbaitsa koma mukuona kuti mwana wa kutauni sadamve, bwerezani poyera, pakuti ana athu ambiri akukula osakhala pamoto ndi agogo awo.

Kuyambira nthawi imeneyo, tsiku Lachinayi lililonse ndimapatula mphindi 15 zomaliza kumadrasa. Mwana aliyense amabwera ndi mawu amodzi amene wamva kwa agogo kapena kwa makolo ake m'sabatayo, m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo timafunsana mafunso atatu: mawuwa akunena chiyani, akutanthauza chiyani, ndipo chizindikiro chake n'chiyani? Makolo ena poyamba adadandaula kuti mwalimu akutaya nthawi ya Qur'an ndi miyambi. Ndidawafotokozera nkhani ya zingwe za Adi ibn Hatim, ndipo ambiri adamvetsa. Ndaona kuti mwana amene wazolowera kufunsa mafunso atatuwa savutika tikafika pa mafanizo a m'Buku lolemekezeka, ndiponso savutika ndi ndakatulo za kusukulu. Inunso makolo mungathe kuchita zimenezi pakhomo mukatha kudya mgonero. Sizifuna buku kapena ndalama. Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera, koma kuti agonere ayenera kupeza khutu loti agonemo.

Mwana wa mlongo wanga uja adakhoza Chichewa chake bwino. Bwato lija likadali patsinde pa mango, ndipo ana amaseweramo. Amayi amaimbabe foni m'mawa monga kale. Akandiuza kuti denga likudontha kapena kuti nkhuku zikutha ndi chitopa, ndimayamba ndasiya chimene ndikuchita, n'kukhala pansi, n'kufunsa kuti, "Amayi, denga lake liti?" Nthawi zambiri amaseka n'kunena kuti, "Denga lenileni, bambo, tumiza udzu." Ndimatumiza, ndipo sindileka kufunsa.